Mliri umadya chilimwe, mvula n'kudzamaliza: za misewu ya ku Chigwa cha Shire

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje womanga msewu ali ndi miyezi 7 yokha pa chaka yoti agwire ntchito yadothi mtima uli m'malo. Imayamba chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, makande akauma moti thiraki n'kupondapo osatitimira, ndipo imatha mu Novembala mitambo ikayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a ku Thyolo. Mliri ukafika sugumula kalavati, sukokolola gelevulo. Umangodya masabata 6 kapena 8 pakati pa chilimwe. Ntchito yomwe imayenera kuphimbidwa ndi phula mu Okutobala imapezeka ikadali pamtetete mu Disembala, ndipo chowononga chenichenicho chimabwera ndi mtsinje wa Mwanza kapena Thangadzi. N'chifukwa chake kwa ine kontalakitala wokonzekera mliri ndi amene, atauzidwa lero kuti ntchito iime, pomatha masabata awiri akhala atasiya msewu woti madzi adutse osaugwetsa.

Ena amadabwa kuti Covid-19 ikanachedwetsa bwanji misewu pamene dziko lathu silinatsekedwe n'komwe. N'zoona, m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linkafuna kuyambitsa pa 18 Epulo 2020 unaletsedwa ndi Khoti Lalikulu kutatsala tsiku limodzi. Koma msewu wa ku Bangula sumangidwa ndi za ku Bangula zokha. South Africa inadzitsekera kuyambira pa 27 Malichi 2020, ndipo zipangizo zambiri za magireda ndi mashini okumbira zimachokera ku Johannesburg. Ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa kuno pa 1 Epulo, n'kudzayambiranso pa 1 Sepitembala. Makaniki kapena injiniya yemwe anali kunja anabwerera chilimwe chitapendekeka kale. Madalaivala a mathiraki ankadikira kuyezedwa pa chipata cha Mwanza. Phula sitipanga m'dziko muno, limalowa kuchokera kunja. Kenaka mu Januwale 2021 matenda anafika pamtima penipeni pa boma: pa 12 Januwale tinataya a Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga ndi zomangamanga, mwana wa ku Chikwawa konkuno, tsiku limodzi ndi nduna inzawo a Lingson Belekanyama. Chikalata cholipirira kontalakitala chimafuna kusainidwa ndi anthu angapo motsatizana. Mmodzi akagona m'chipatala, ndalama zaima, dizilo watha, gireda yazimitsidwa.

Chaka chotsatira chinationetsa kuti kuno mliri ndi madzi osefukira zimayenda mogwirana manja. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 m'malo angapo, anagwetsa mlatho wa Chapananga, anaononga damu la Kapichira. Gombe anabwera mu Malichi. Mwezi womwewo kolera inabuka, Nsanje n'kukhala m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa, ndipo pofika pozilala inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Isanathe n'komwe, Freddy anafika mu Malichi 2023. Wokonza ndondomeko ya msewu kuno asamaganizire chifuwa chokha. Mliri womwe ungamuimitse ntchito mwina ubwera kudzera m'chikho cha madzi.

Vuto lalikulu limayambira pa chizolowezi chotsegula mtunda wautali nthawi imodzi. Kulambula, kukumba ndi kuthira dothi kumabweretsa ndalama msanga, ndiye kontalakitala amathamangira kukanda makilomita 15 kapena 20, akudziuza kuti phula lidzatsatira. Zinthu zikayenda bwino, limatsatiradi. Zikaima, muli ndi makilomita 20 opanda ngalande, opanda chophimba, ndipo msewu wakale womwe anthu ankadutsamo, ngakhale unali wamaenje, mwauphwasula kale. Nzeru ndi kugwira zigawo za makilomita 2 kapena 3, chigawo chilichonse n'kuchifikitsa pophimbidwa chisanatsegulidwe chachitatu kutsogolo kwake. Mashini amayenda mothinana, n'zoona, ndipo folomani amavutika kuwapatsa malo. Koma mwini msewu, kaya ndi Roads Authority kaya khonsolo ya boma, akalemba malire a mtundawu m'kontalakiti yomwe, aliyense wopikisana amaika mtengo wake akudziwa, ndipo sipakhala mkangano pambuyo pake.

Makande a ku Ngabu ndi madera ena otsika amafuna kusamala kwapadera. Dothi lakudali likauma limang'aluka ming'alu yoti dzanja n'kulowamo, likanyowa limafufuma. Mukachotsa dothi lapamwamba n'kulisiya padzuwa la Okutobala kwa mwezi, limauma mpaka pansi. Mukadzamangapo lili louma choncho, mvula yoyamba imalowa cham'mbali, dothi limatupa m'mphepete pamene pakati pakadali pouma, ndipo phula limang'ambika m'litali mwa msewu. Ming'alu yotere siitheka ndi zigamba. Pa makande, pomwe mwakumba lero paphimbidwe ndi dothi labwino lero kapena mawa. Ngati matipa obweretsa dothilo sali otsimikizika, musakumbe.

Gawo losakaniza ndi simenti ndilo lopanda chifundo kwenikweni. Tiyeni tiwerengere kilomita imodzi ya msewu wotambalala mamita 9, gawo lochindikala mamilimita 150. Ndi makyubiki mita 1,350 a gelevulo, omwe akatsenderedwa amalemera matani pafupifupi 2,700. Simenti ya 3 peresenti ndi matani 81, kutanthauza matumba 1,620 a makilogalamu 50, mathiraki atatu a matani 30 osadzaza lachitatulo. Madzi oti gelevulo ameneyu atsendereke bwino amatha kufika malita 200,000, maulendo 20 a bauza (galimoto ya thanki ya madzi) ya malita 10,000, ndipo dzuwa la kuno limamwako ena musanatsendere. Simenti ikakhudza madzi, nthawi yayamba kuwerengedwa: kusakaniza, kusalaza ndi kutsendera zithe m'maola ochepa, ndipo kutentha kukadutsa madigiri 35 ine ndimalangiza maola 4, ngakhale malamulo a ntchito atalola kuposerapo. Zikatero gawolo lizikhala lonyowa masiku 7, kenaka liphimbidwe. Mukalisiya poyera, mpweya umapha mphamvu ya simenti kuyambira pamwamba, ndipo pamwambapo pamasanduka fumbi lomwe phula silingagwirepo. Ndiye m'mawa womwe mukufuna kuthira simenti, muyambe mwaona ngati MC-30, phula lamadzimadzi loyamba kupoperedwa pophimba gawolo, ali kale m'sitolo. Za kuti thiraki yake yanyamuka ku Beira musadalire.

Nalo phula loyambali si denga. Limangomata fumbi ndi kutseka timabowo. Magalimoto akayendapo masabata angapo, makamaka mathirakita a nzimbe cha ku Nchalo ndi ngolo za ng'ombe zomwe kuno n'zambiri, limasupuka. Ngati ntchito yaima musanamalize kuyala miyala pa phula kawiri, yalani gawo loyambalo la miyala ya mamilimita 19, kapena thirani phula n'kuwaza mchenga wa mumtsinje wosefa bwino. Zimenezi zimatha kupirira dzinja limodzi. Gelevulo wosaphimba sapirira.

Makalavati ndi ngalande zimangidwe dothi lisanakwezedwe, osati pambuyo. Madzi saiwala khwawa. Chitunda cha msewu chomwe chadutsa pa khwawa popanda potulukira madzi chimasanduka damu, madzi amasefukira m'midzi ya kumtunda kwake, ndipo potsiriza amachiboola pomwe afuna okha. Mitsinje yathu monga Mkombedzi, Lalanje ndi Nyamadzere imakhala mchenga wokhawokha chilimwe chonse, koma ikadzuka imabwera ndi mchenga womwewo ndi zitsa. Mapaipi ochepera mamilimita 900 amatsekeka dzinja limodzi ndipo munthu sangalowemo kukafukula. Kalavati imatha pokhapokha zipupa zake za kukamwa zamangidwa, pansi potulukira madzi pawakidwa kapena payalidwa mabasiketi awaya odzaza miyala, ndipo dothi la m'mbali latsenderedwa m'magawo a mamilimita 150. Yosiyidwa ndi paipi yokha, madzi amaizungulira n'kuinyamula. Pa mlatho, mizati yochirikiza matabwa a konkire isapezeke mumtsinje Novembala akamatha. Ngati zikuoneka kuti anthu achepa ndipo thandala la mlatho silithiridwa pa nthawi yake, kuli bwino kuzula zochirikizazo n'kudikira Meyi kusiyana ndi kuzisiya kuti zigwire zinyalala, madzi n'kukumba pansi pa maziko.

Zonsezi zilembedwe ngati ndondomeko yotsekera ntchito m'masiku 14, ndipo iziwunikidwanso mwezi uliwonse chifukwa malo otseguka amasintha. Inene zigawo zomwe zili poyera lero, chomwe chilichonse chikufuna kuti chiphimbidwe, anthu angati ndi mashini ati angachite zimenezo, maenje ati akwiriridwe, ndi yani adzasamale msewu wapambali womwe anthu akudutsamo. Wapambaliwo musauiwale. Ambulansi yochokera ku Ngabu kupita ku chipatala chachikulu cha Chikwawa imadutsa momwemo, ndipo nthawi ya mliri ndi pomwe imayenda kwambiri.

Tsopano za katundu. Pafupifupi chigwa chonse chimadya kudzera pakhosi limodzi: msewu wotsika chitunda kuchokera ku Blantyre kufika pa Thabwa, kenaka mlatho wa Kamuzu. Kuchokera ku Blantyre kufika pa boma la Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kupitirira apo kuli Marka. Tsidya la kum'mawa, kwa Makhuwira ndi kwa Mlolo, n'kovutirapo, chifukwa njira ya pa Chiromo inaduka kalekale pa Mtayamoyo ndipo katundu wolemera amazungulira pa Thabwa. Katundu wosungidwa ku Blantyre ndiye kuti sanafike. Sitolo ikhale kumunsi kwa chitunda, pamalo okwera omwe akuluakulu a m'mudzi akutsimikiza kuti madzi a 2015 ndi a 2022 sanafikepo, ndipo ngati ntchito yadutsa mtsinje waukulu, katundu agawidwe mbali zonse ziwiri.

Si chilichonse chomwe chimasungika. Phula lolimba la m'migolo limakhala chaka osasintha, bola migolo ikhale yotseka ndi yogoneka kuti madzi asadikhe pa chivindikiro. Madzi akalowa, tsiku lotenthetsa phula limachita thovu n'kusefukira, anthu n'kupsa. Pa kilomita ya mamita 9 ija, MC-30 amafunika pafupifupi lita imodzi pa sikweya mita, migolo 45 ya malita 200, ndipo kuyala miyala kawiri kumadya migolo ina pafupifupi 100 ndi miyala ya kwale makyubiki mita 200. Chulukitsani ndi mtunda womwe mwatsegula, ndiye mulingo wosayenera kutsika m'sitolo mwanu. Apa ndi pomwe zimaonekera kuti makilomita 3 munthu angathe kuwasungira phula, koma 20 ayi. Phula losungunulidwa m'madzi ndi lina: limalekana likakhala miyezi ingapo, kutentha kumafulumizitsa zimenezi, ndipo migolo yake imafuna kugubuduzidwa sabata iliyonse kapena ziwiri. Musaliunjike.

Simenti nayo siikonda kudikira. Ikapitirira miyezi 3 mphamvu yayamba kutsika, ndipo chinyontho cha kufupi ndi Shire chimaiumitsa m'thumba momwemo. Matumba akhale pa matabwa okwera masentimita 15 kapena 20, asakhudze khoma, asapitirire 10 kusanjikiza, ndipo oyamba kufika akhale oyamba kutuluka. Ya masabata 4 mpaka 6 ndi yokwanira. Ubwino wake simenti imapangidwa m'dziko muno, ku Blantyre, ku Mangochi ndi ku Kasungu. Chofunika n'kuyezetseratu simenti ya makampani awiri ndi gelevulo wanu ntchito isanayambe, kuti wina akasowa musadikire masabata ena kuti injiniya avomereze yachiwiriyo. Chimodzimodzi migodi ya gelevulo: pezani yachiwiri, iyezeni, lipirani chipukuta misozi kwa eni minda zinthu zikadali bwino. Kuyeza kulimba kwa dothi lonyikidwa m'madzi kumafuna masiku 4 onyika okha, osawerengera ulendo wa zitsanzo.

Dizilo: gulu limodzi la gireda, marola awiri, mabauza awiri, chokumbira ndi matipa 6 limamwa malita oposa 1,000 pa tsiku. Masiku 14 otsekera aja amafuna malita 15,000 omwe sakhudzidwa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amene anaona mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2022 safunika kuuzidwa kawiri. Thanki izikhetsedwa madzi a pansi mwezi uliwonse. Ndipo tizinthu tomwe timaimitsa mashini a mamiliyoni n'tating'ono: mafyuluta omwe fumbi la kuno limatseka msanga, mipeni ya gireda, mapaipi a haidiroliki, malamba a injini, timilomo topopera phula. Bokosi limodzi la zimenezi limaposa lonjezo lililonse la wogulitsa wa ku Johannesburg.

Kontalakitala wamng'ono adzafunsa kuti ndalama zogulira zonsezi azitenga kuti. Funso lake n'loona, ndipo yankho lili m'manja mwa mwini msewu. M'malamulo a makontalakiti a zomangamanga a 1999 a FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, omwe makontalakiti ena akuluakulu amatsatira, ndime 14.5 imalola kulipira 80 peresenti ya mtengo wa katundu yemwe wafika pamalo a ntchito, koma katunduyo akhale wotchulidwa m'mapepala a kontalakiti. Malo amenewo akasiyidwa osalembapo kanthu, ndimeyo yafa. Lembanimo phula, zitsulo, mapaipi ndi miyala.

Pa anthu, dzifunseni kuti ndi ndani yemwe akadwala ntchito yonse imaima. Kawirikawiri ndi anayi: woyendetsa gireda yomalizitsa, woyendetsa galimoto yopopera phula, woyeza malo, ndi wa ku labu yoyezera dothi. Aliyense mwa amenewa akhale ndi wachiwiri yemwe akuphunzira pa ntchito pomwepo, makamaka mnyamata kapena mtsikana wa konkuno yemwe sangatsekeredwe kuseri kwa chipata cha dziko. Awiriwa asagone chipinda chimodzi, asadyere pamodzi. Ena onse agawidwe m'magulu a anthu 10 mpaka 15, gulu lililonse ndi kapitawo wake, galimoto yake, nthawi yake yodyera. Mmodzi akapezeka ndi matenda, opatulidwa ndi 15, osati 150. Malo omwe magulu amasakanikirana n'ngodziwika: pa lole ya m'mawa pomwe anthu amapanikizana ngati matumba, pa mzere wa nsima, ndi pa tsiku la malipiro. Malipiro apite pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo lole ipange maulendo awiri.

Koma chomwe chimafalitsa matenda pa kampu kuposa zonse ndi njala. Waganyu wolipidwa pa tsiku akadziwa kuti kunena zoti akudwala ndi kutaya ndalama za masiku 14, sanena. Amamwa panado, n'kukwera lole. Kapitawo akamufunsa kuti, “Achimwene, bwanji maso afiira chonchi?” yankho limakhala lakuti ndi dzuwa, bwana. Mlandu si wake, kunyumba kuli ana. Malipiro a masiku opatulidwa alowe mu bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo alengezedwe pamaso pa onse m'Chisena ndi m'Chimang'anja. Ndalama zimenezi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi sabata imodzi ya mashini ongokhala.

Kutentha thupi kuno kuli ndi eni ake ambiri. Munthu wochokera padzuwa la madigiri 40 akapimidwa pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha thupi kaja, kamanama. Apume kaye pamthunzi mphindi 10 kapena 15, ndipo kupima kwenikweni kuchitike m'mawa asanakwere lole. Wotentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo, chifukwa m'mphepete mwa madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi malungo ndiwo oyamba kuganiziridwa, ndipo kumupatula munthu wa malungo popanda mankhwala n'kumupha. Mu Okutobala ndi Novembala ntchito iyambe 5 koloko m'mawa, ipume masana. Izi zimathandizanso konkire, yemwe sayenera kuthiridwa atatentha kupitirira madigiri 32.

Madzi akumwa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Bauza imatunga madzi ku Shire kapena m'thamanda la pafupi kuti inyowetse msewu. Munthu wogwira fosholo padzuwa amafuna kapu ya madzi mphindi 20 zilizonse, malita 6 pa tsiku, ndipo akasowa amatsegula mpopi wa bauza yomweyo. Mijigo yambiri ya kuno ndi yamchere, anthu amaithawa. Kolera imalowa pa ntchito kudzera pamenepa. Gulu lililonse likhale ndi thanki kapena zigubu zakezake za madzi akumwa, za mtundu wosiyana, zokhala ndi mpopi osati zoviikamo kapu. Anthu 100 amafuna malita 600 akumwa pa msewu, kuphatikiza malita osachepera 20 pa munthu aliyense wogona pa kampu.

Kuthira mankhwala n'kosavuta koma kumafuna munthu mmodzi wodziwika dzina. Supuni yaikulu imodzi yosadzaza mpaka phiri, magalamu 15 a HTH (ufa wa kulorini wophera tizilombo m'madzi), mu lita imodzi ya madzi imapanga msuzi wa 1 peresenti. Usungidwe m'chigubu chapulasitiki chosaonekera mkati, pamthunzi, osati m'chitini. Lita imodzi ya msuziwu pa thanki ya malita 5,000 ndi poyambira pabwino ngati madzi ali oyera; akakhala amatope ayambe adikha, apo ayi matope amadya mankhwala onse. Pakatha mphindi 30 pimani pa mpopi: nthawi ya kolera pakhale mamiligalamu 0.5 a mankhwala otsala pa lita. Osapima akungoganiza, chifukwa HTH wosungidwa m'kontena yotentha amafooka. Madzi osamba m'manja ndi gawo limodzi la msuzi ku magawo 19 a madzi. Otsukira pansi ndi ziwiya, limodzi ku magawo 4. Othira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala ndi wamphamvu, magalamu 30 pa lita. Chimbudzi chimodzi pa anthu 20, mamita 30 kutali ndi chitsime, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita ndi theka pamwamba pa madzi a pansi. M'madera ngati Makhanga ndi kumunsi kwa Nsanje madzi ali pafupi kwambiri, ndiye chimbudzi chimakwezedwa pa chitunda m'malo mokumba mozama. Gulu lomwe lili pa msewu kutali ndi kampu nalo lipatsidwe chimbudzi, apo ayi tchire la m'mphepete mwa mudzi ndilo lidzagwire ntchitoyo. Mapaketi a Thanzi akhale m'galimoto ya kapitawo aliyense, paketi imodzi pa lita imodzi, wodwala ayambe kumwa ali pa ulendo. Kolera imatha kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa. Mudziwiretu kuti wa pa kilomita yakuti apita ku Montfort ku Nchalo, ku Kalemba ku Bangula kapena ku Trinity ku Muona, ndipo galimoto yomunyamula ndi iti usiku.

Anyakwawa, magulupu ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo adziwe zonsezi matenda asanabwere. Mliri ukabuka, alendo a pa kampu ndiwo oyamba kulozedwa chala, ndipo mudzi ukhoza kutseka njira ya ku mgodi wa gelevulo. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nsomba pa geti musawathamangitse; apatseni ndowa ya madzi othira mankhwala ndi sopo. Maenje otsala pokumba gelevulo akwiriridwe kapena atsegulidwe kuti madzi azituluka mvula isanabwere, chifukwa ana amasambamo ndipo udzudzu umaswana.

Za kuyang'anira ntchito ndingonena mwachidule. Gawo lililonse limadikira chilolezo cha injiniya lisanaphimbidwe. Iye akatsekeredwa ku Blantyre, pakhale kalata yopereka mphamvuzo kwa wina wokhala pamalopo. Zithunzi za pa WhatsApp zimathandiza kuona zitsulo za kalavati, koma sizingayeze kutsendereka kwa dothi. Labu ikhale pa kampu, ndi zipangizo zoyezera pogwiritsa ntchito mchenga zomwe sizifuna katswiri wakunja kudzazikonza.

Mapepala a kontalakiti ndi omwe amagwetsa makontalakitala athu ambiri, ntchito ataigwira bwinobwino. Mu FIDIC ya 1999, ndime 8.4 imatchula kusowa kwa anthu kapena katundu chifukwa cha mliri kapena zochita za boma, koma imapereka nthawi yokha, osati ndalama. Ndime 19, ya zogwa mwadzidzidzi, siitchula mliri pa mndandanda wake, ndipo imafuna chidziwitso m'masiku 14. Boma likakhazikitsa lamulo latsopano lomwe lakweza mtengo wa ntchito, njira ndi ndime 13.7. Injiniya akalamula yekha kuti ntchito iime, ndime 8.8 ndi 8.9 zimapereka nthawi ndi ndalama, choncho lamulo lotere likhale lolembedwa, osati la pa foni. Pamwamba pa zonse pali ndime 20.1: chidziwitso chifike m'masiku 28 kuchokera pomwe munadziwa za vutolo, tsatanetsatane m'masiku 42. Mukadutsitsa masiku 28, ufulu wapita, ngakhale dziko lonse likudziwa kuti kunali mliri. Umboni wake ndi buku la tsiku ndi tsiku: anabwera angati, odwala angati, mashini ati anaima ndipo chifukwa chiyani, thiraki nambala yakuti inafika liti pa Mwanza ndipo inatuluka liti, kontalakitala ndi injiniya onse awiri n'kusainira madzulo omwewo.

Palinso kanthu kena komwe masiku owonjezera sakonza. Mukataya masabata 6 a Ogasiti ndi Sepitembala n'kubwezeredwa masabata 6 a Januwale ndi Febuluwale, simunabwezeredwe kanthu. Pempho la nthawi lionetse poyera kuti ntchito yadothi yakankhidwira m'dzinja ndipo iyambiranso Meyi. Kuchedwa kotere kumakumananso ndi kugwa kwa kwacha, yomwe inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kontalakiti ya mtengo wosasintha, ngakhale yolembedwa kuti ndi ya miyezi 12, imasanduka msampha ikalowa chaka chachiwiri. Ndime 13.8 yosinthira mitengo idzazidwe, ndipo pakhale ndalama yapadera ya zaumoyo yomwe opikisana sangaichepetse pofuna kupambana.

Pobwerera pa ntchito, musayambire pomwe munasiyira ngati kuti linali dzulo. Gawo lililonse lomwe linagona poyera liyezedwenso kutsendereka kwake. Lomwe lafewa lipalidwe mamilimita 100 mpaka 150, linyowetsedwe, litsenderedwenso. Pa gawo la simenti kumbani pang'ono n'kudonthezapo mankhwala a phenolphthalein: pomwe pafiira simenti ikadali moyo, pomwe sipasintha mtundu pafa, ndipo pamenepo pasesedwe kapena papalidwe mpaka mutafika polimba. Zikhomo za woyeza malo zimakhala zitazulidwa kapena kusunthidwa ndi ng'ombe, ndiye miyezo itengedwenso kuchokera pa zizindikiro zakonkire. Simenti yokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala isalowe mu konkire wa mlatho. Miyala ya kwale yomwe yagona m'fumbi isefedwe kapena itsukidwe, apo ayi phula siligwira ndipo imasosoka sabata yoyamba. Lowani m'kalavati iliyonse ndi tochi. Ndipo ngati tsiku lobwereralo lagwa pakati pa Okutobala kapena kupitirira apo, malo atsopano asatsegulidwe chaka chimenecho. Mashini onse apite kukatseka zomwe zili poyera, kuyambira zigawo za m'mphepete mwa mitsinje.